Mkanda Umodzi Wofiira

Ndinali kapitawo pa fakitale ina ya mabuloko ndi mapaipi a simenti ku Heavy Industrial Area mpaka imvi zinadzaza mutu. Sukulu ndinalekezera giredi seveni kwathu ku Katete, ndipo sindinachitepo nazo manyazi. Ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse inali pa geti. Amuna ofuna ganyu ankadzazana pamenepo, a ku Kanyama, a ku George, a ku Lilanda, ena ochokera ku Linda fumbi lili m'mawondo. Ine ndinkaima pa buloko n'kuloza ndi chala. Iwe lowa. Iwe lowa. Iwe ayi. Sindinkafunsa dzina kapena kumene munthu anagwirako kale. Ndinkaona mapewa, nsapato ndi kaimidwe, basi. Abwana ankati ndili ndi diso, ine n'kuvomera.

Pali chinthu chimene chandibwerera mochedwa. Aja ndinkawasiya kunja kwa geti sindinawaonepo atasenza thumba la simenti. Ankatembenuka n'kumapita. Choncho panalibe tsiku loti diso langa litsutsidwe.

Ana anga ndinawalera momwemo. Ndinkawauza kuti mwamuna akaona chinthu kamodzi azidziwa chimene waona, kufunsafunsa n'kwa anthu amantha. Ana akuluakuluwo ankamvera n'kuiwala. Wotsiriza, mnyamata, anazisunga. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo, ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu kuno ku Kanyama, ndipo ankagona m'chipinda cha kumbuyo pa puloti yathu. Anali munthu wamkulu kale, wa ndevu zake, wosamwa mowa, wosalankhulalankhula. Ndinkati ameneyu ndiye wanditengera.

Anayamba kusintha pang'onopang'ono. Tsiku lina tikudya anati, "Atate, mwaiona ija motoka yoyera? Yapita kabili pamene nisebenzela. Bali kunilondola."

Amayi ake anati, "Magalimoto oyera ndi angati mu Lusaka muno, mwanawe?"

Ine ndinawadula pakamwa. Ndinati mnyamata ndi wochenjera, akuba zitsulo achuluka, ndi bwino kukhala maso. Kunena zoona ndinanyada.

Pambuyo pake anati makondakitala a minibasi akamaitana anthu amakhala akupatsana zizindikiro za iye. Anatembenuza benchi yake ya ntchito kuti iyang'ane kukhoma. Makasitomala anayamba kuthawa chifukwa munthu akangoika dzanja m'thumba, iye ankati akumujambula ndi foni. Amayi ake anandichonderera kuti tipite naye ku kiliniki. Ndinamuyang'ana kamodzi, maso ofiira, ndinati ndi utsi wa kuwotcherera, amwe mkaka monga amachitira anzake onse a ntchito imeneyo. Tinagula mkaka.

Pa puloti yathu panali zipinda ziwiri za lenti. Munkakhala mayi wina wa Chibemba wochokera ku migodi, wamasiye, wogulitsa tinsomba touma ta kapenta ndi nyemba pa msika. Anali wachete, ankasesa bwalo lonse ngakhale mbali yathu, ndipo ankanditcha ba shikulu, ndiye kuti agogo. Madzi tinkatunga ku kiyosiki n'kuthira m'diramu limodzi la buluu limene linkaima pakati pa makomo athu. Tonse tinkamwa m'menemo.

Mvula itafika Kanyama anachita monga achitira chaka chilichonse. Madzi anaima m'njira, zimbudzi zinasefukira, anthu ankayenda pa miyala ndi pa matayala akale, ndipo pakamwa pa aliyense panali kolera. M'nyengo imeneyo mnyamata wanga anabwera kwa ine ndikukonza denga la khitchini. Ananong'ona.

"Atate, ba mami baja ba lenti bafaka vinthu mu manzi. Nabaona na maso yanga. Bafuna kunipaya."

Ndinati ndiona ndekha.

M'mawa mwake ndinakhala pa windo, katani nditasiya kampata. Mayiyo anatuluka atavala chitenje, anavundukula diramu, natulutsa kabotolo kofiirira kopanda pepala lililonse. Anathira pang'ono m'chivindikiro chake, anacheuka kuyang'ana ku khomo lathu, n'kukhuthulira m'madzi.

Kucheuka kuja ndiko kunanditsimikizira. Ndinatuluka, ndinakankha diramu ndi mwendo, madzi onse anayenda pabwalo. Ndinakuwa ndi mawu aja a pa geti.

"Ba shikulu, ni klorini chabe," anatero, kabotolo ali nako m'manja, atanditambasulira. "Nunkhizani, mukwai. Ni klorini."

Mkazi wanga anatuluka akupukuta manja. "Abambo, ndi klorini. Anandiuza kalekale, ndinavomera ine."

Ndinamuuza akhale chete. Kabotolo sindinakalandire. Kanali pafupi ndi mphuno yanga ngati pamene pali dzanja langali, koma sindinakalandire, chifukwa munthu amene waona kale safunika kununkhiza. Ndinatchula liwu lija limene silitchulidwa mwachisawawa mu komboni. Ndinati mfiti. Ndinalitchula mokweza, aneba atasonkhana kale pa mpanda.

Ku Kanyama liwu limenelo limathamanga. Dzuwa lisanafike pamutu anyamata anali ataima pa msewu, ena akuseka, ena atatola miyala. Mayiyo sanadikire kuti mwezi uthe. Anaitana wa wilibala, anamanga matiresi, mapoto ndi matumba a kapenta, anadutsa m'madzi ofika m'mawondo akukankhira katundu wake kuti asagwe. Mwala umodzi unagunda poto. Sanacheuke.

Mnyamata wanga anali kumbuyo kwanga nthawi yonseyo. Nditatembenuka, nkhope yake inali yomasuka kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri. Anauza amayi ake kuti, "Mwamvela? Atate baona."

Ndinkayembekeza kuti tsopano achira. Sanachire. Anati mayiyo wasiya anthu ake. Woyamba anali mtsikana wogulitsa madzi pa kiyosiki, chifukwa anamumwetulira. Kenako wa pa shopu wogulitsa madzi a m'mabotolo, chifukwa anasankha botolo la kumbuyo m'malo mwa la kutsogolo. Kenako amayi ake enieni, chifukwa anaikira kumbuyo mayi uja tsiku lija. Ankatchera madzi a mvula pa denga ndi kachitini, n'kumwa timadontho. Mvula italeka kwa masiku angapo, milomo yake inang'ambika, maso analowa. Tinamupeza atagwa pafupi ndi benchi yake, ndipo aneba omwe aja anatithandiza kumunyamula.

Ku kiliniki anamuika madzi a m'mitsempha, iye akulimbana nawo, kenako anatitumiza ku chipatala cha matenda a maganizo. Anakhalako milungu ingapo. Mankhwala anamukhazika pansi. Anayamba kugona, za magalimoto ndi makondakitala anazisiya, nthawi zina ankaziseka yekha. Koma za madzi sanasiye. Ankamwa pokhapokha anesi atalimbana naye, ndipo madokotala anati sangamutulutse ali choncho, chifukwa kunyumba adzagwanso.

Tsiku lina dokotala wake anati ndibwere pamodzi ndi amayi ake. Anali mtsikana, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wolankhula mofatsa. Sindinakondwe kuti mwana wotere andikhazike pa mpando n'kumandifunsa mafunso, koma ndinakhala.

Anaika pa tebulo mabotolo awiri a galasi odzaza mikanda. Limodzi linali ndi mikanda yofiira yambiri, yoyera pang'ono. Linalo yoyera yambiri, yofiira pang'ono. Anatisonyeza bwinobwino, kenako anawabisa onse kuseri kwa katoni. Anauza mnyamata wanga kuti iye dokotalayo asankha botolo limodzi mwa awiriwo, azitulutsa mkanda umodziumodzi n'kuubweza, ndipo mnyamatayo anene botolo lake pokhapokha akatsimikiza. Anati palibe changu, angathe kupempha mikanda yochuluka mmene afunira.

Dokotala analowetsa dzanja kuseri kwa katoni. Unatuluka wofiira.

"Ndi la yofiira," ndinatero ine.

Funso silinali langa. Mawu anangotuluka, monga chala chija chinkatulukira pa geti. Mnyamata wanga anandiyang'ana, kenako anauza dokotala atulutse wina. Unatulukanso wofiira, iye anati ndi la yofiira. Wodwala anadikira mkanda wachiwiri. Ine wabwinobwino sindinadikire.

Dokotala sanaseke. Anandifunsa ngati m'botolo la yoyera munalibe yofiira. Ndinati inalimo. Anandifunsa ngati sikutheka kuti dzanja lake linagwira umodzi mwa imeneyo. Ndinati n'kutheka.

"Nanga mwatsimikiza bwanji, atate?"

Ndinati ndinaona.

Ndinafunsa kuti botolo linali liti. Anati zimenezo zilibe ntchito, ngakhale nditalondola ndiye kuti ndalondola mwamwayi. Mpaka lero sindidziwa kuti linali liti, ndipo zimandisowetsa mtendere.

Nesi atatuluka ndi mnyamata, dokotala anatifotokozera. Anati anthu ambiri odwala matenda ngati a mwana wathu, aja okhulupirira zolimba zinthu zimene palibe, amakonda kugamula msanga. Aona kanthu kamodzi, nkhani yatha, ndipo zotsutsa sazipatsanso malo. Anati ngakhale anthu osadwala ena ali choncho, ndipo kugamula msanga pakokha si misala. Ananena mobwereza kuti si ine ndinadwalitsa mwana, matendawa amabwera ndi zifukwa zambiri, zina za m'thupi, zina zosadziwika. Mawu amenewo ndinawamva ndipo ndinawasunga, chifukwa ndinkawafuna.

Koma anapitiriza. Anati pa zonse zimene mnyamata ankakhulupirira, zambiri zafooka chifukwa anali nazo yekha. Nkhani ya madzi yokha ndiyo ili ndi mboni. Nthawi iliyonse akamufunsa kuti mwina kodi sizingakhale zina, iye amayankha kuti atate anaona, ndipo atate salakwa poona.

"Sitingalimbane ndi inu mulibe," anatero. "Musakamukalipire kuti asiye. Kukalipa sikuchotsa zimenezi. Koma akakuonani inu mukufunsa, mwina nayenso adzayamba kufunsa."

Tinabwerera pa minibasi. Titatsika, tikuwoloka ngalande, mkazi wanga anati, "Mayi uja ali ku George. Azimayi a ku tchalitchi akudziwa nyumba yake." Ndinati sindinafunse. Anati, "Ndikudziwa. Inu simufunsa."

Panapita masiku ndisanavomere kupita kwa mayi uja. Ndinkakonza zinthu zosafunika kukonza. Ndinapenta chitseko cha zipinda zija za lenti, zimene zinali zopanda munthu chifukwa palibe amene ankafuna kulowa m'nyumba ya mfiti, mbiri imene ndinaipanga ndekha. Kenako ndinapita kukaona mnyamata, ndinapeza nesi atagwira kapu, iye atafumbata milomo ngati mwana wakhanda, mwamuna wa ndevu. Ndinapempha dokotala kuti andilole kutuluka naye tsiku limodzi.

Tinapita ku George awiri, iye ndi ine. Nyumba inali chipinda chimodzi kuseri kwa bala, ndipo mayiyo anali atayala kapenta pa kathebulo pakhomo. Atationa anaimirira n'kugwira m'mphepete mwa thebulo. Mnyamata wanga anaima patali, pafupi ndi mpanda wa malata.

Ndinavula chipewa. Ndinapereka moni. Anayankha moniwo, mpando sanandipatse.

"Mwabwela kutsiliza?" anafunsa.

Ndinati ndabwera kufunsa za kabotolo kaja.

"Lelo? Lelo ndiye mufunsa?" Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Mayi wina woyandikana naye anasuzumira pa windo, iye anamuuza kuti, "Bwelani muone, aba ndiye ba landilodi banga baja. Bamene banipanga mfiti."

Ndinaima pomwepo, chipewa m'manja. M'moyo wanga wonse palibe mkazi anandilankhulapo motero pagulu. Ndinafuna kumukalipira. Ndinayang'ana kumpanda, ndinaona mnyamata akundiyang'ana, ndinameza.

Ndinafunsa chifukwa chake kabotolo kanalibe pepala. Anati ankagula botolo limodzi ndi mnzake wa pa msika n'kugawana, iye ankathira gawo lake m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa kamene anatsuka. Ndinafunsa chifukwa chake anacheuka kuyang'ana khomo lathu.

"Ninali kukuyopani imwe," anatero. "Munali kukalipa pa vilivonse. Nsapato pa khomo, mwakalipa. Wailesi, mwakalipa. Nenze kuziba kuti mukamvela fungo mu manzi muzakamba ati naononga diramu yanu."

Kenako ananena chimene sindinkadziwa ngakhale tinakhala pa puloti imodzi zaka zingapo. Anali ndi mwana wamkazi kale, ku migodi. Anamwalira ndi matenda otsekula m'mimba nyengo ya mvula, asanayambe sukulu. Kuyambira pamenepo madzi osathira mankhwala samwa, ndipo sakanatha kuona ife tikumwa. Ananena zimenezi akukonzakonza milu ya kapenta imene inali yokonzeka kale.

Ndinamupempha kabotoloko. Analowa m'nyumba n'kubwera nako, komwe kaja kofiirira. Ndinatsegula, ndinanunkhiza. Fungo lake aliyense wa ku Kanyama amalidziwa. Ndikanalidziwa tsiku lija ndikanangoweramitsa mutu.

Ndinanena mokweza, kuti wa pa mpanda amve ndi wa pa windo amve, kuti ndi klorini, kuti tsiku lija sindinanunkhize, ndipo liwu lija ndinalitchula popanda chimene ndinkadziwa. Ndinapempha kuti athire m'madzi ndimwe. Anandiyang'ana, anayang'ana mnyamata, ndipo ndikhulupirira kuti pamenepo ndi pamene anazindikira chimene chinatibweretsa, chifukwa anaona mmene anaondera. Anatunga m'chigubu chatsopano, anayeza m'chivindikiro, anathira, anakhutchumula. Ndinatambasula dzanja kuti anditungire.

"Awe," anatero. "Simumwa pamene apo. Ifunika kulindila isebenze."

Ndiye tinadikira. Anatulutsa kampando, ndinakhala. Kunali dzuwa, nyimbo za mu bala zinkagunda khoma, makasitomala ankabwera kugula kapenta n'kundiyang'ana. Ine amene sindinadikirepo kanthu ndinakhala pakhomo pa mayi amene ndinamuthamangitsa, kudikira chigubu. Nthawi imeneyo inatalika kuposa tsiku lathunthu la pa fakitale.

Itakwana anatunga kapu. Anayamba kumwa iye, kenako anatungira ine. Ndinamwa yonse. Anatunga yachitatu n'kuitambasulira kumpanda.

"Iwe mwana, bwela umwe. Waonda monga waya."

Mnyamata sanasunthe. Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anathira madziwo pansi kuti fumbi ligone.

Ndinamuuza kuti zipinda zake zilipo, ndazipenta, angathe kubwerera. Anati ku Kanyama sangapondeko. Anati pa msika paja malo ake anatenga wina, ndipo ngakhale akanakhalapo, ndani angagule chakudya kwa munthu amene anatchulidwa choncho. Ndinati ndidzauza aneba onse. Anati, "Muzabauza, bazamvela, koma bazakumbuka vakale." Za kukhululuka sanatchule, ndipo ine sindinapemphe, chifukwa ndinaona kuti si zanga zopempha. Pochoka anandipatsa kabotolo kaja. Anati ndi ka mwana wanga, osati kanga.

Tikudikira minibasi mnyamata analankhula koyamba tsiku limenelo.

"Atate, nanga ngati banachinja botolo? Ija ya tsiku lija inali ina, iyi ni ina."

Pakamwa panga panali patadzaza kale yankho. Ndinkafuna kunena kuti ayi, ndi komweko, ndakaona. Ndinazindikira kuti ndi mawu omwe aja, ongotembenuzidwa. Ndinati, "Sindidziwa. Kakuoneka komweko, koma sindingalumbire. Ndamwa. Tiye tione ngati mawa ndidzuka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandimvepo ndikunena kuti sindidziwa. Ndikuganiza kuti zinamuopsa kuposa madziwo.

Mawa lake ndinadzuka, ndinapita ku chipatala kuti andione. Ndinanyamula botolo la madzi a kunyumba othira klorini, ndinamwa pamaso pake. Ndinachita chimodzimodzi tsiku lotsatira, ndi linalo. Ankandiyang'ana maso, lilime, kayendedwe. Ankandifunsa ngati m'mimba mukupweteka. Ndinkayankha zoona, ngakhale tsiku limene bondo linkandiwawa ndinamuuza kuti likuwawa, koma linayamba kalekale iye asanabadwe. Tsiku lina nditamwa theka n'kuika botolo pa benchi, analitenga, ananunkhiza, anamwa kamodzi. Ndinayang'ana kumbali ngati sindinaone.

Anamutulutsa patapita milungu ina. Ali kunyumba tsopano, amamwa mankhwala ake, amapita kukaonana ndi dokotala uja, ndipo wabwezera benchi yake kuyang'ana ku msewu, ngakhale ntchito sinabwerere yonse. Masiku ena amakhala bwino. Masiku ena amabwera kudzandinong'oneza za munthu amene wamuyang'ana moipa, ndipo ine ndimamufunsa kuti china chimene chingachititse munthu kuyang'ana choncho n'chiyani. Timawerengera limodzi: mwina dzuwa, mwina njala, mwina maso ake ndi otero. Funsolo ndinaliphunzira kwa dokotala, ndipo limandivuta ine kuposa iye.

Aneba ndinawauza, khomo ndi khomo. Ena anati anadziwa kale. Ena anati mdala wakalamba, mfiti yamudyetsa. Mayi uja akadali ku George, m'chipinda chimodzi kuseri kwa bala. Mkazi wanga amapita kukagula kapenta kwa iye, ngakhale kapenta ali ponseponse kuno. Ine sindinabwerereko.

Diramu la buluu lili pomwe lija, lopindika m'mbali pamene ndinalikankha ndi mwendo. M'mawa uliwonse ndimayeza klorini m'chivindikiro, ndimathira, timadikira. Kenako ndimatunga kapu imodzi n'kumwa theka. Theka linalo ndi lake. Kapu yakeyake sanayambebe kutunga.